Amene Ankasuntha Zikhomo Zanga

Ndiyambe ndi kuvomera kuti ndinagwa mumtengo wa mapeyala ndili ndi tayi m'khosi, pamaso pa amayi khumi ndi anayi a mumpingo wathu, Lachinayi lina masana. Sindinkathyola mapeyala. Ndinkachita zimene panthawiyo ndinkazitcha kafukufuku.

Ndimagwira ntchito ya boma. Kwathu ndi ku Dedza, koma ananditumiza kuno ku Mzuzu zaka zingapo zapitazo. Nditakhazikika, ofesi inandilola kuchita digiri ya kakonzedwe ka malo. Timaphunzira kujambula mapulani a mabwalo, tinjira ndi ngalande, ndi kudziwa poyenera mtengo ndi posayenera. Kusukulu timapita milungu ingapo, kenako timabwerera kuntchito n'kumawerengera kunyumba. Abale anga amaitcha digiri ya maluwa. (Amalume anandifunsapo ngati pamafunikadi zaka zinayi kuti munthu adziwe zoti kapinga amafuna madzi. Yankho labwino ndinalipeza ndili m'basi, titadutsa kale pa Kasungu.)

Ndili m'chaka chachitatu, mkazi wanga anamwalira. Sindinena zambiri pa zimenezo. Chofunika pankhani ino n'chakuti kuyambira pamenepo ndinayamba kuzemba anthu. Munthu akandiyang'ana atapendeketsa mutu, ndinkadziwa kuti "pepani" ali m'njira, ndipo ndinkapeza chochita mbali ina. Kutchalitchi ndinkalowa nyimbo yoyamba itayamba kale, n'kutuluka yomaliza isanathe.

M'chaka chomaliza aliyense amasankha malo enieni, n'kujambula pulani yake, kenako n'kuikhoma pansi ndi zikhomo ndi chingwe. Mphunzitsi amabwera yekha kudzaona ngati zapapepala zikufanana ndi zapansi. Zikasiyana, walephera, ubwereza chaka. Ine ndinalibe chaka chobwereza. Abwana anga anali atandiuza kale, mwaulemu koma kawiri, kuti chilolezo changa chikuthera pa zaka zinayi.

Ndinasankha bwalo la tchalitchi chathu ku Chibavi, lomwe nthawi ya mvula limasanduka phala lofiira. Abusa anavomera ndisanamalize chiganizo. (Masiku amenewo anthu ankandivomera chilichonse. Ndikanapempha belu la tchalitchi, akanandifunsa ngati ndabwera ndi wilibala.) Buku lathu limati choyamba n'kufunsa anthu amene amagwiritsa ntchito malowo. Mafunso ndinalemba, khumi, abwino ndithu. Pepalalo ndinalipinda n'kuliika m'thumba la jekete, ndipo ndinapita ndi tepi Loweruka m'mawa, nthawi imene pabwalopo pamakhala nkhuku zokha.

Pulani yanga inali yokongola, ndipo mpaka lero ndimatero. Njira yochokera pageti sinkalunjika pakhomo la tchalitchi. Inkakhota pang'onopang'ono kuzungulira mtengo wa mapeyala, n'kumachepa mpaka poti anthu awiri okha angayende mogundana mapewa, kenako n'kutembenuka mwadzidzidzi pamasitepe, mpanda wa maluwa uku ndi uku. Ndinalemba tsamba lathunthu kufotokoza kuti munthu ayenera kufika pakhomo la Mulungu mtima utakhala pansi, osati ngati akuthamangira minibasi. Ndinakhoma zikhomo makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, mitu yake nditaipaka penti yofiira.

Lachisanu m'mawa, popita kuntchito, ndinadzera pomwepo kuti ndikasirire ntchito yanga. Zikhomo zinali zitayenda.

Sizinazulidwe n'kutayidwa ayi. Palibe chimene chinasowa. Zinali zitakhomedwanso bwinobwino m'mizere iwiri yowongoka kuchokera pageti mpaka pakhomo, pakati pake potakata ngati msewu wa lole, chingwe chitakungidwa kuposa mmene ndinakungira ine. Wakuba akanatenga chingwe. Mbuzi sizimanga mfundo. Apa panali munthu, ndipo munthuyo anali ndi maganizo ake.

Woyamba kumuganizira anali a Gondwe. Awa ndi bambo wachikulire amene amasunga makiyi a tchalitchi, ndipo ali ndi bedi la mpiru pafupi ndi mtengo wa mapeyala, pomwe njira yanga inkadutsa. Ndinawapeza akuthirira.

"Monire, adada."

"Yewo, a injiniya. Mwawuka uli?"

"Ndadzuka. Koma zikhomo zanga zayenda."

Anaika kheni pansi, n'kuyang'ana mizere ija nthawi yaitali ngati akuiona koyamba.

"Enya, zayendadi," anatero. "Mphepo ya kuno njamphamvu chomene."

Ndinalemba m'kabuku kanga kuti: mphepo yomanga mfundo. Pansi pake ndinalemba dzina lawo.

Loweruka ndinabwezera zikhomo m'malo mwake. Ulendo uno ndinabwereka hamala yaikulu, ndipo ndinazikhomera pansi mpaka kungotsala mitu. Lachisanu lotsatira zinali zitafolanso m'mizere yake iwiri. Wina anali atazikumba ndi khasu, n'kukwirira mabowo, n'kusesa.

Pamenepo m'pamene ndinaganiza za phulusa. Nditabwezeranso zikhomo m'malo mwake, Lachitatu madzulo, pochokera kuntchito, ndinawaza phulusa mozungulira chikhomo chilichonse kuti wolakwayo asiye mapazi ake. Ndinathiranso kamzere pageti ndi kena pamasitepe. Mutu wanga unkandiuza kuti imeneyi ndi sayansi. Sindinaganizeko mmene zimaonekera kwa munthu wodutsa, kuona bambo woferedwa atagwada pabwalo la tchalitchi dzuwa likulowa, akuwaza phulusa kuchokera m'jumbo yakuda uku akuyang'anayang'ana kumbuyo.

Lachisanu ndinapeza phulusa lonse litasesedwa, zikhomo zitayenda. Lamulungu abusa analalikira za anthu odalira zithumwa ndi zotsirika. Anayang'ana mbali zonse za tchalitchi kupatula pamene ndinakhala ine. Potuluka ndinawapeza ataima kale pakhomo, nyimbo yomaliza isanathe.

"Achimwene," anatero atandigwira dzanja ndi manja awiri, "ngati pali chimene chikukuvutani, khomo langa n'lotsegula."

"Chikundivuta ndi zikhomo, abusa."

"Eya, eya," anatero, n'kuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. "Zikhomo."

Ndinaona kuti nawonso akudziwa kanthu. Ndinawalemba m'kabuku. (Ndinakumbuka kuti anali atangogula kagalimoto. Njira yotakata yofika pakhomo penipeni, angaifune ndani kuposa munthu wa galimoto?)

Chimene ndimachita nacho manyazi kwambiri si kugwa mumtengo. Ndi zimene ndinachita Lachiwiri lotsatira. Ndinapita kwa a Gondwe kabuku kali m'manja, n'kuwawerengera umboni wanga ngati wapolisi. Ndinati makiyi ali ndi iwo, khasu ali nalo, tsache ali nalo, ndipo mpiru ndi wawo. Ndinawauza kuti mphunzitsi wanga akubwera posachedwa, ndipo ndikalephera chifukwa cha ndiwo zamasamba, nkhaniyi ndikaitula kwa akulu a mpingo. Sindinakweze mawu. Ndikanakweza, mwina bwenzi zili bwinoko.

Anavula chipewa.

"Ngati mwati ndine, ndine," anatero. "Phepani chomene."

Munthu wanzeru akanakhutira. Ine ndinapita kunyumba ndikukayika kuposa kale. Wolakwa weniweni amayamba wakana kaye. Awa anavomera msanga ngati munthu wolandira katundu wa mnzake padepoti. Ankabisa ndani? Ndiyeno sabata yomweyo a Gondwe anapita ku Rumphi kukaona mlongo wawo wodwala, makiyi n'kusiyira abusa, koma Lachisanu zikhomo zinayendabe.

Kuyambira pamenepo ndinkaganizira aliyense. Lamulungu ndinkayang'ana manja a anthu popereka chopereka, kufunafuna penti yofiira. Ndinaganizira mnzanga wa m'kalasi amene amakhala ku Ching'ambo, chifukwa anandifunsa pafoni kuti pulojekiti ikuyenda bwanji, ndipo mawu akuti "ikuyenda" sanandisangalatse. Ndinaganizira mayi wogulitsa nthochi pageti. Nditaunika bwino kabuku kanga, ndinapeza chinthu chimodzi chosasintha: Lachitatu zikhomo zimakhala m'malo mwake, Lachisanu zimakhala zitayenda. Ntchitoyi inkachitika Lachinayi.

Mphunzitsi anatumiza uthenga kuti afika Lolemba. Lachinayi linatsala limodzi.

Ndinatuluka muofesi nthawi ya nkhomaliro osauza munthu. Ndinkadziwa kuti Lachinayi masana amayi a mumpingo amakumana, koma ndinkadziwanso kuti amakumanira m'kati mwa tchalitchi. Wolakwayo, ndinaganiza motero, amapezerapo mwayi pamene amayi akuimba. Malo okha oonera bwalo lonse osaonedwa anali mumtengo wa mapeyala. Ndinabisa nsapato m'mpiru, n'kukwera, n'kukhala panthambi ina yamasamba ambiri, foni ili m'manja yokonzeka kujambula.

Chimene sindinkadziwa, poti sindinafunse munthu, n'chakuti m'tchalitchimo anali atangothira simenti yatsopano pansi. Amayi anafika, anasuzumira pakhomo, n'kunyamula mabenchi awiri ndi mikeka kudzayala pansi pa mtengo wanga.

Kutsika kunali kutachedwa. Ndinakumbatira thunthu n'kuyesa kupuma pang'onopang'ono.

Wotsogolera amayiwo ndi NyaChirwa, namwino wopuma ntchito, wamawu osafuna maikolofoni. Anakhala pansi penipeni pa mapazi anga.

"Tisanapemphere," anatero, "za zikhomo. Lero ndi gulu la ndani?"

"Lathu," anayankha Mayi Banda, a ku Dowa, amene amuna awo amagwira ntchito ku ofesi yoyandikana ndi yathu.

Amayi atatu ananyamuka. Wina anakatenga khasu kuseri kwa tchalitchi, wina tsache. Anagwira ntchito mwakachetechete ngati anthu ozolowera, wina akukumba, wina akukhoma ndi mwala, Mayi Banda akukunga chingwe atatsinzina diso limodzi. Sipanathe mphindi khumi ndi zisanu. Ndinajambula zithunzi zisanu ndi ziwiri, ndili ndi chimwemwe chodzaza tsaya. Anali ndi magulu! Ankasinthana ngati ntchito yosesa! Ndinali nditayamba kale kukonza m'mutu mawu okanena kwa akulu a mpingo.

Mayi Banda anabwerera akupukuta manja pachitenje.

"Koma amayi, zimenezi mpaka liti? Ndamva kuti aphunzitsi ake akubwera Lolemba. Mwanayu akalephera, tamulepheretsa ndife."

"Sono mukamuuze ndinu," anatero NyaChirwa.

"Ine? Ndikayambe bwanji? Ndikati, bambo, njira yanu njokongola, koma bokosi silingakhote pamenepa? Kwa munthu amene chaka chatha chomwechi..."

Wina anakhosomola.

"Tinkati akaona mizere yowongoka azindikira yekha," anatero mayi wina amene sindinkamuona nkhope. "Si wophunzira?"

"Wophunzira chomene. Ndiye vuto lake."

"Abusa anati amuuza."

"Abusa anapita mpaka kunyumba kwake, n'kukakamba za mpira."

(Izi n'zoona. Anakhala ola lathunthu. Ndinadabwa, poti sadziwa n'komwe kuti timu imakhala ndi anthu angati.)

"Nanga a Gondwe?"

"A Gondwe anasankha kukhala wakuba kusiyana n'kutchula mawu amenewo."

"Koma iyeyo sakumbuka?" anafunsa Mayi Banda motsitsa mawu. "Tsiku lija anadutsa pomwepa. Amuna atatu uku, atatu uku, kuchokera pageti mpaka pakhomo. Iye anali pambuyo pomwe."

"Akumbuke chiyani, mwe?" anatero NyaChirwa. "Ine ndinali pambali pake. Njira yonse ankangoyang'ana nsapato zake."

Ananena zoona. Za tsiku limenelo ndimakumbuka nsapato zanga, ndi kuti chingwe cha yakumanzere chinali chitamasuka. Bwalo limene ndinaliyeza ndi tepi mbali zonse, kulemba kutsetsereka kwake ndi mtundu wa dothi lake, ndinali nditaliyendapo pa ntchito yake yolemera kuposa zonse, osaliona.

Ndikanakonda kuti akanayamba pemphero pamenepo. Koma amayi akayamba nkhani ya munthu, amaimaliza.

"Wawonda."

"Tayi yomweyo masabata atatu."

"Akudya chiyani kodi? Ndinamuona pagolosale akugula buledi ndi sopo basi."

"Komatu NyaMhango wa kwaya uja ndi mwana wofatsa, ndipo amaphika..."

"Yayi, yayi, musayambe!" anatero NyaChirwa. "Nthawi yake sinakwane. Mwina chaka chamawa."

Magalasi anga anali atachita nkhungu. (Ku Mzuzu kumakhala chinyezi.) Ndinachotsa dzanja limodzi pathunthu kuti ndiwapukute, n'kusunthira kunsonga pang'ono. M'chaka chachiwiri tinaphunzira kuti nthambi za mapeyala n'zosalimba, ndipo mtengowu suyenera kubzalidwa pamalo okhala anthu ambiri. Funso limenelo linabwera pamayeso, ndipo ndinalikhoza bwino kwambiri.

Nthambi inalira kamodzi kokha.

Ndinagwera m'bedi la mpiru la a Gondwe, chagada, pamodzi ndi masamba ndi mapeyala anayi osakhwima. Amayi anabalalika. Wina anakuwa kuti "Yesu!", wina "Chiuta wane!", ndipo Mayi Banda anathawa ndi benchi ili m'manja, sindikudziwa kuti ankapita nayo kuti. NyaChirwa yekha ndiye sanasunthe. Anandiyang'ana, anayang'ana mtengo, anayang'ana masokosi anga.

"Gwedezani zala zakumapazi," anatero. Ndinagwedeza. "Khosi?" Ndinatembenuza. "Palibe chathyoka. Mwakhalamo nthawi yaitali bwanji mmenemo?"

"Musanafike, amama."

"Ndiye mwamva."

"Ndamva."

"Zonse?"

"Zonse."

Anapumira m'mwamba, n'kundichotsa tsamba la mpiru paphewa.

"Yewo," anatero mothokoza. "Mwatipeputsira ntchito. Koma za NyaMhango ziiwaleni."

Anandikhazika pamkeka, n'kundipatsa tiyi wa m'fulasiki. Kenako anapemphera, ine ndili pakati pawo wopanda nsapato. Anapempherera odwala, a paulendo, ndi "ophunzira athu, kuti Mulungu awatsitse bwino pamene akwera." Palibe anaseka. Ndinangomva mabenchi akugwedera.

A Gondwe anabwerako Lachisanu. Ndinawapeza ataima pabedi lawo, akuyang'ana dzenje looneka ngati munthu. Ndinapepesa za mpiru, kenako ndinapepesa za zinazo, zomwe zinatenga nthawi yaitaliko.

"Koma munavomereranji, adada?"

"Kutchedwa wakuba kumapola msanga, a injiniya," anatero. "Sono tiyeni tione njira yanuyo."

Ndinabwezera zikhomo monga mwa pulani yanga, kotsiriza. Iwo anaitana amuna anayi amene ankagwira ntchito ya simenti m'tchalitchi, n'kutulutsa benchi yaitali. Tinaigwira atatu uku, atatu uku. Ine anandiika kumbuyo, kumanzere. Palibe anatchula kuti benchiyo ikuimira chiyani. A Gondwe ankangoti "katundu."

Kuchokera pageti tinayenda bwino mapazi asanu ndi limodzi. Pamtengo, a kumanja anayamba kuponda chingwe. Njira itachepa, tonse tinali kunja kwake, m'maluwa anga a papepala, benchi yokha ndiyo inali m'njira. Pokhota pa masitepe, a kutsogolo anatembenuka, ife a kumbuyo tinakakanirira kukhoma. Tinabwerera m'mbuyo, tinayesanso. Mmodzi wa amisiriwo anati mwina tiimike chilili. A Gondwe anamuyang'ana, ndipo sanabwerezenso.

Tinaitula pansi. Ndinatulutsa tepi n'kuyeza kuchokera paphewa la munthu wa kumanja mpaka la wa kumanzere, n'kuwonjezera malo a amayi oyenda m'mbali akuimba. Kenako ndinayeza mabowo a mizere ya amayi ija. Zinasiyana ndi chikhatho chimodzi. Iwo analibe tepi.

Loweruka ndi Lamulungu ndinajambula pulani yatsopano. Njira yowongoka, yotakata, ngalande mbali imodzi, mabenchi pansi pa mthunzi koma kutali ndi nthambi za mapeyala. Mpiru unatsala pamalo pake. Tsamba lija la mtima wokhala pansi ndinalichotsa.

Mphunzitsi anafika Lolemba m'mawa, mayi wosaseka, atavala majombo. Anayenda kuchokera pageti mpaka pakhomo pepala lili m'manja, akuwerenga zikhomo. Zonse zinali pamene pepala linanena.

"Zikugwirizana," anatero. "Koma si pulani imene munanditumizira poyamba. Ija inali ndi moyo. Iyi ikuoneka ngati msewu wopita kudepoti. N'chifukwa chiyani mwaitakasa chonchi?"

A Gondwe anali chapatali, akunamizira kuthirira. NyaChirwa anali pakhomo, akunamizira kusesa. Onse anasiya.

"Kuti bokosi la maliro lizidutsa, madamu," ndinatero. "Ndi anthu olinyamula. Panjira ija silikanakhota."

Aka kanali koyamba kutchula mawu amenewo ndi pakamwa panga kuchokera tsiku lija. Anatuluka bwinobwino, ngati mawu ena onse. Mphunzitsi anayang'ana njirayo kachiwiri, n'kulemba kanthu.

"Munafunsa anthu angati?"

"Khumi ndi anayi."

"Pepala la mayankho lili kuti? Munawafunsa motani?"

"Sindinawafunse kwenikweni, madamu. Ndinawamvetsera ndili mumtengo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kudikira kuti ndiseke. Sindinaseke. Kumbuyo kwanga tsache linayambanso kusesa mwamphamvu.

Anandichotsera malikisi ambiri chifukwa chosowa pepala la mayankho. Otsalawo anakwana kudutsa, popanda chotsalira. Digiri ndinaitenga.

Ndikanakonda kunena kuti kuyambira pamenepo ndimafunsa anthu ndisanajambule mzere. Ndimayesa. Koma ndimadziwanso kuti akanandiuza pamaso sabata yoyamba ija, ndikanawathokoza mwaulemu, n'kusamukira kumpingo wina ndi zikhomo zanga.

Mpingo unamanga njirayo ndi njerwa mvula itatha. Oyamba kuigwiritsa ntchito pamwambo anali a ukwati. Operekeza anavina kuchokera pageti anayi anayi, madiresi osakhudza matope, ndipo panatsala malo a wojambula zithunzi kuyenda chobwerera m'mbuyo. Pambuyo pake bambo wina wa kuchimuna, mlendo wochokera ku Mchengautuwa, anandifunafuna mpaka anandipeza, poti sindinatuluke msanga tsiku limenelo. Anandigwira dzanja n'kunena kuti zikuoneka kuti wojambula njirayi ankaganizira za ukwati.

Ndinati yewo chomene.